Mizere Itatu ya Matumba

Padangokhala.

Tilitonse.

Kunali mudzi wina patsinde pa phiri la Domwe, m'boma la Angónia, kumtunda kwa chigawo cha Tete. Amene anafikako akudziwa kuti uku si ku Tete wa m'mphepete mwa Zambezi kumene munthu amatuluka thukuta ali chikhalire. Kuno n'kozizira. Phirilo ndi lalitali mamita 2,095, ndipo mu June ndi July madzi ogonera mumtsuko amaluma mano. Ndi m'dera lomweli m'mene Angoni a kwa Maseko anadzakhazikika atabwerera kuchokera ku Songea, m'masiku a atsogoleri awo Chidyaonga ndi Chikuse, cha m'ma 1870. Zidzukulu zawo lero ndi alimi olimbika a chimanga, nyemba, fodya ndi mbatata ya kachewere.

Kuchokera m'mudzimo, njira zokwerera phiri zinalipo ziwiri. Ina inkatchedwa Kwawa, chifukwa malo ena munthu ankachita kugwira miyala ndi manja kuti akwere. Inali yachidule, ya alenje, abusa a mbuzi ndi anyamata ofuna kuonetsa nyonga.

Inzake inkatchedwa Njira ya Agogo. Iyi inalibe changu. Inkayambira pa mkuyu wakumapeto kwa mudzi, n'kudutsa pakati pa minda, n'kumakwera mozungulira, khotekhote, mwakuti nkhalamba ya ndodo ndi mwana wongoleka kumene kuyamwa ankatha kuyenda limodzi popanda wina kulira. Utayenda pang'ono unkapeza kasupe wotuluka pansi pa thanthwe, ndipo pambali pake pankakhala chikho chomwera aliyense. Kumtunda kwake kunali nkhalango ya masuku. Mvula ikagwa, amayi ankapitako ndi malichero kukazula bowa wa ndelema ndi manyame, ana ali kalikiliki kutola masuku akupsa ogwa okha, pakamwa ponse pali nomi. Ukapitirira unkafika pa mwala waukulu wosalala umene ankautcha mwala wamphasa. Apa ndi pamene mabanja ankamasula mipukutu ya mbatata yowotcha ndi zigubu za thobwa, agogo n'kutambasula miyendo, n'kumaloza ndi ndodo: "Uko ndi ku Dedza. Uko ndi ku Ulongwe. Dambo lija ndi kumene anabadwira agogo anu aamuna." Ana ambiri a m'mudzimo anayamba kudziwa dziko lawo atakhala pamwala umenewu.

M'mudzi momwemo munali mlimi wina amene anthu anangomupatsa dzina loti Matumba, chifukwa chilichonse ankachiwerengera m'matumba a kachewere. Ukamuuza za ukwati, iye ankafunsa kuti udya matumba angati. Ukamuuza za maliro, chimodzimodzi. Ulesi analibe ndi pang'ono pomwe, izi tisamunamizire. Ankadzuka tambala woyamba, ndipo malole ochokera ku Tete ndi ku Beira ankaima pakhomo pake kudzapakira mbatata. Chaka china anakuza munda wake mpaka unameza mbali zonse ziwiri za Njira ya Agogo, njirayo n'kutsala ikudutsa pakati penipeni.

Tsiku lina m'mawa anaima pamenepo manja ali m'chiuno, n'kuyeza ndi mapazi. Anapeza kuti njirayo inkamudyera malo a mizere itatu kuchokera kumunsi mpaka kumtunda kwa munda.

"Mizere itatu," anatero yekhayekha. "Matumba angati amenewa pachaka? Ndipo ana akamadutsa amandithyolera nthambi za mbatata."

Sabata isanathe anaitana aganyu. Anagalauza njira yonse, kumtunda kwa munda n'kubzala khonje, pamwamba pa khonjeyo n'kuunjika minga ya mthethe kufika m'khosi mwa munthu. Kumunsi, pafupi ndi mkuyu, anachita chimodzimodzi.

Nkhani inafika pabwalo la amfumu. Amayi a m'mudzi anabwera ndi mkwiyo, ndipo mmodzi wa iwo anati, "Zikomo amfumu, ife nkhuni tikatola kuti? Bowa tikazula bwanji? Kapena akufuna tikwere Kwawa mwana ali kumbuyo?"

Matumba anayankha mosatekeseka. "Phiri sindinalitseke ine. Njira ina ilipo, ndipo ndi yaifupi. Amene miyendo yatha akhale pakhomo."

Pamenepo aphunzitsi a pasukulu ya m'deralo, munthu wokonda kuwerenga, anawomba m'manja n'kupempha mpata.

"Amfumu, ndi inu nonse makolo anga, mlandu uwu si wachilendo padziko. Ku England kuli njira za oyenda pansi zodutsa m'minda ya tirigu ndi m'madambo odyetsera nkhosa, ndipo mwini munda alibe mphamvu yozitseka. Akamanga mpanda, amasiya kachitseko kapena timasitepe tamatabwa towolokera. Akalima n'kugumula njira, lamulo limamupatsa masiku 14 oti aibwezeretse. Loweruka ndi Lamlungu mabanja amatuluka m'matauni kukayenda m'njira zimenezi, bambo, mayi, ana ndi agogo, kamba ali m'chikwama. Koma ufuluwo sunangogwa kumwamba. Mu 1932 anthu mazanamazana, ambiri ochokera ku Manchester, anakwera phiri la Kinder Scout eni malo atawaletsa, ndipo asanu anawaponya m'ndende. Mu 1949 kunabwera lamulo loti njira zoterezi zilembedwe pamapu kuti zisamasowe. Ngati anthu a mipanda yamiyala anazindikira zimenezi, ife a mudzi umodzi tilephere bwanji?"

Matumba anaseka. "Aphunzitsi, kuno si ku England. Inu mwezi ukatha mumalandira. Ine ndimadya za m'nthaka."

Amfumu anakhosomola. Anakumbutsa bwalo kuti lamulo la malo la Mozambique la 1997 limati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa, munthu amangopatsidwa mphamvu yoigwiritsa ntchito. Koma atafika pogamula, lilime linalemera. Galimoto ya Matumba ndiyo inkanyamula odwala usiku kupita nawo kuchipatala ku Ulongwe, ndipo theka la anthu okhala pabwalopo linali ndi ngongole ya feteleza kwa iye.

"Mbewu ili kale m'nthaka," anatero amfumu. "Tidikire akumbe, kenako atsegule."

Anthu anabalalika akung'ung'udza. Amayi ake a Matumba, aNaNgozo, anali atakhala kumapeto kwa mphasa, osalankhula kanthu. Pobwerera kunyumba anangoti, "Mwananga, minga ija sidziwa amene anaidula."

"Amayi, inu mwakalamba, musavutike ndi za kumunda," anayankha Matumba.

Mbatata anakumba, koma minga sanachotse. Anabzalanso ina, ndipo palibe amene analimba mtima kukamukumbutsa.

Tsono njira ili ndi moyo wake. Imakhalapo chifukwa cha mapazi, ndipo mapazi akaleka, udzu suchedwa. Chaka chisanathe, tsekera ndi zitsamba zinali zitatseka mbali yakumtunda. Chikho cha pakasupe chinaola. Nkhalamba zinasiya kukwera phiri, ndipo ana aang'ono, posowa wowaperekeza, anasiyanso. Amayi olimba mtima ankapita kunkhuni kudzera Kwawa, wina n'kubwerako ndi bala pabondo, wina mtolo utamuthawa n'kugubuduzikira kuphompho. Chimene chimandipweteka ine pankhaniyi si nkhuni kapena bowa ayi. Ndi ana amene anakula chaka chimenecho akuliona phiri m'mawa uliwonse, koma osadziwa kuti mudzi wawo umaoneka bwanji ukauyang'ana uli pamwamba.

Matumba anali ndi ana awiri amene ankaphunzira ku Tete, kwa azakhali awo. Wachisamba anali mnyamata wa zaka 12, mzime anali kamtsikana ka zaka 6. Sukulu zitatsekera mu December anakwera minibasi ya chapa kubwera kumudzi. Kamtsikanako sikankachoka pamwendo pa agogo ake. Madzulo akamasenda nyemba, agogowo ankakaimbira nyimbo imene amayi a m'mudzimo ankaimbira ana pokwera phiri:

Yenda, yenda, kamwana,
Pa mkuyu upatse moni,
Pa kasupe usambe m'maso,
Pa msuku wamphanda, dzanja lodyera,
Pa mwala wamphasa, dikira agogo,
Pa mpata wamphepo, funda nsalu,
Wafika, wafika, kamwana.

Kamwanako kanailoweza, n'kumaiimba posamba ndi pogona. Kenako kanayamba kuvutitsa. "Ababa, ndikufuna ndikaone mwala wamphasa. Ababa, tipita liti kuphiri?"

Matumba, pofuna kusangalatsa ana ake a m'tauni, anavomera. "Mawa tikwera mpaka pamwamba. Tidzera yachidule, pofika masana tidzakhala titabwerako."

"Kwawa si njira ya mwana," anatero aNaNgozo. "Ndipo taona mitambo ikugona paphiri masiku ano. Ngati mwatsimikiza, nyamukani kusanatenthe, mutenge majuzi ndi madzi, kamwanaka mukaveke nsapato zomanga."

"Amayi, phiri ili ndakulira pomwepa."

Ananyamuka dzuwa litakwera kale, chifukwa Matumba anayamba wawerengera aganyu ndalama zawo. Majuzi anasiya. Kamtsikana kanavala patapata. Bambo anali patsogolo, miyendo italiitali, akungotembenuka kukuwa, "Fulumirani! Ine pa msinkhu wanu ndinkakwera pano ndikuthamanga!" Lamba wa patapata anaduka asanafike pakati. Kamwanako kanayamba kulira, ndipo bambo ake anakanyamula paphewa, thukuta lili kamukamu. Anafika pamwamba dzuwa litapendeka, onse ali wefuwefu, madzi atatha.

Sanaone Dedza, sanaone Ulongwe. Atangokhala pansi, nkhungu inakwera kuchokera kuchigwa n'kuwakuta, mwakuti munthu sankaona mnzake woima mapazi khumi. Mphepo yozizira inayamba, kenako mvula yowaza.

"Tiyeni titsike msanga," anatero Matumba, ndipo mawu ake anali atasintha.

Anangotsika pang'ono. Thanthwe limene anakwera louma tsopano linali lonyowa, ndere zili tereretere. Phazi linaphonya, ndipo anagwa n'kutsetsereka mpaka mwendo unakakodwa pakati pa miyala iwiri. Anakuwa mokweza mpaka anyani anayankha kutsidya. Atauzula, pakakolo panali patatupa kale, ndipo kuponda pansi kunali kosatheka. Anatulutsa foni, koma netiweki panalibe.

Munthu uja amene ankati wopanda miyendo akhale pakhomo anakhala pamwala, mvula ikumukhetsera m'khosi, akuyang'ana njira ya Kwawa ikutsika chamutu kulowa munkhungu. Ndi mwendo umodzi sakanaitha. Kutuma mnyamata yekha kunali kumupereka kuphompho. Kugona pomwepo ndi ana opanda chofunda kunali koopsa koposa.

"Ababa, nanga njira ya agogo ija?" anafunsa mnyamata.

Matumba anaweramitsa mutu. Anali asanaikwere chikulireni, poti ankaiyesa ya akazi ndi makanda, ndipo munkhungu yotere sankadziwa n'komwe pamene imayambira.

"Imayambira pa mpata wamphepo," kanatero kamtsikana, mano akugundana. "Nyimbo imatero. Ukafika pamwamba, chomalizira ndi mpata wamphepo."

Mnyamata anakayang'anitsitsa kamlongo kake. "Imbanso, pang'onopang'ono." Kanaimba. Iye anawerenga pazala. "Ndiye kuti potsika tiyambire kumapeto. Mpata, mwala, msuku, kasupe, mkuyu."

Anathyola nthambi yolimba n'kupatsa bambo ake. Anawakweza movutikira kubwerera pamwamba, n'kuima duu kumvetsera kumene mphepo inkalira kwambiri. Anaitsata mpaka anapeza mpata pakati pa matanthwe awiri, ndipo kuseri kwake nthaka inkatsika mofatsa. Udzu unali utamera, koma phazi linkamva kuti pansi pake m'polimba, popondedwa ndi mibadwo. Kamtsikana kanali patsogolo, phazi limodzi lopanda nsapato, kakuimba kuti mantha achoke. Mnyamata anali pakati, bambo atamukolowekera dzanja paphewa. Matumba ankadumphira mwendo umodzi, kuima, kupuma, kudumphanso.

"Ababa, musafulumire," kanatero kamwanako. "Tikudikirani."

Mawuwa anamulasa kuposa ululu wa mwendo, koma sanayankhe.

Anaupeza mwala wamphasa mdima ukuyamba, n'kupumapo. Atapitirira anafika pa msuku wa thunthu logawikana pawiri, ndipo apa tinjira tinali tiwiri.

"Dzanja lodyera," kanatero kamtsikana, kakulowera kumanja.

"Ima kaye," anatero mlongo wake. "Nyimbo ija ndi ya munthu wokwera. Ife tikutsika. Kumanja kwa wokwera ndi kumanzere kwa wotsika."

Analowera kumanzere. Patapita nthawi anamva madzi akulira pansi pa thanthwe, ndipo anagwada n'kumwa ndi manja. Anatola masuku mumdima, kuwapapasa ndi zala, n'kudya kuti apeze mphamvu. Mvula inakata, nkhungu inayamba kupepuka, ndipo kumunsi anaona timoto ta m'mudzi. Mnyamata anafuula ndi chimwemwe.

Koma atayenda pang'ono, kamtsikana kanakuwa n'kubwerera m'mbuyo kakugwira phazi. Patsogolo pawo panali khoma lakuda la minga ya mthethe, pansi pake khonje atakula, nsonga zili nyomi. Kumanja kunali chigwembe chokumbidwa ndi madzi, kumanzere matanthwe. Nyumba yawo inali pafupi moti ankamva galu wawo akuuwa, koma podutsa panalibe.

"Ndani anaika minga panjira, ababa?" kanafunsa kamwanako kakulira.

Matumba anakhala pansi m'matope. Anakazula munga kuphazi ndi zala zonjenjemera, n'kukafungatira. "Ndine, mwananga," anatero. "Ndine ndinaika."

Kumudzi, dzuwa litalowa anthu osabwera, kunali chipwirikiti. Amuna anatenga matochi n'kuthamangira ku Kwawa, poti ndi kumene atatuwo anadzera. Koma aNaNgozo anatenga ndodo yawo n'kuyenda khomo ndi khomo kuitana amayi anzawo, omwe aja anakadandaula pabwalo.

"Tengani zikwanje ndi miyuni, tiyeni kumunda kwa mwana wanga."

"Agogo, iwo anadzera Kwawa," anatero mmodzi.

"Wokwera amasankha njira, wovulala sasankha. Ngati ali moyo, atsikira kuno."

Palibe amene anakumbutsa za mlandu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anagwetsa mpanda wakumunsi, n'kudutsa pakati pa mbatata ili m'maluwa, mpaka kukafika pampanda wakumtunda. Asanayambe kudula anamva kamawu kuseri kwa minga kakuimba monjenjemera, "Pa mkuyu upatse moni." Nthungululu inalira usiku umenewo mpaka amuna a ku Kwawa anaimva n'kubwerera. Amayi anatema khonje, kukoka minga ndi manja, ena magazi akuchucha m'zala, mpaka mpata unatseguka. Matumba anamunyamula pamachira a mitengo iwiri ndi chitenje.

Ana atasamba madzi otentha, kumwa phala n'kugona, aNaNgozo anakhala pafupi ndi mwana wawo pamoto, akudikira kuti kuche apite naye kuchipatala.

"Pali chimene sindinakuuzepo bwino," anatero. "Mu 1987, nkhondo itafika m'dera lino, tinathawa usiku. Iwe unali wa miyezi isanu, uli kumbuyo kwangaku. Agogo ako aamuna maso anali atafa kale, ankachita kuwagwira dzanja. Panali amayi oyembekezera, panali ana. Kumsewu kunali mfuti. Ukuganiza tinadzera Kwawa? Tinadzera njira yomweyi, n'kuzungulira phiri kulowera ku Malawi, m'boma la Dedza. Munda umene ukulima lero unali wa munthu wina, chimanga chake chili m'mawondo, ndipo mumdima tinachipondaponda. Mwini wake anaima pa mkuyu n'kumatiuza chapansipansi kuti, 'Pitani, pitani, chimanga chidzameranso.' Pa kasupe paja ndi pamene ndinakuyamwitsa kuti usalire. Mtendere atausainira ku Rome mu 1992, tinabwerera chaka chotsatira, iwe ukuyenda wekha, ndipo tinalowa m'mudzi muno kudzera momwemo."

Matumba analira ngati mwana, ndipo amayi ake anamusiya alire.

Ku Ulongwe anapeza kuti fupa linathyoka, ndipo anamuika chikhakha. Atabwerako sanadikire kuitanidwa. Anapita yekha pabwalo ndi ndodo zake ziwiri, n'kukhala pansi, osati pampando.

"Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Ndinalakwa. Gamulani."

Ulendo uno lilime la amfumu silinalemere. "Ifenso tinalakwa pokuopa," anatero. "Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Makolo anaikhotetsa dala njira ija kuti wofooka akafike kumene wamphamvu amafika. Chigamulo ndi ichi. Njira itsegulidwe kuyambira pa mkuyu mpaka pa mpata, ikhale yotakata moti mayi ndi mwana ayende mogwirana dzanja. Aliyense wolima m'mbali mwake asiye malo amenewo, kaya ndi wolemera kaya ndi wosauka, ndipo chaka chilichonse mvula ikatha mudzi wonse uzikalambula. Iwe Matumba upereke mbuzi imodzi kwa amayi amene anabayidwa ndi minga yako."

Anapereka ziwiri. Anatumanso aganyu ake kukazula khonje yense, kuika mitengo yowolokera pachigwembe ndi kukonza pakasupe. Mwana wake wamwamuna anasema chikho chatsopano n'kukachisiya pomwepo.

Mwendo utapola, chakumapeto kwa dzinja, ana anabweranso kudzacheza, ndipo banja lonse linakwera phiri pamodzi ndi mabanja ena a m'mudzimo. Ananyamuka m'mamawa, majuzi ali m'chikwama, madzi ali m'zigubu. Patsogolo panali aNaNgozo ndi mdzukulu wawo wamng'ono, ndipo Matumba anali kumbuyo kwenikweni, atasenza dengu la mbatata yowotcha ya gulu lonse. Agogowo anapuma kasanu, ndipo kasanu konse anthu anaima kuwadikira. Anafika pa mwala wamphasa dzuwa lili paliwombo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, ndipo ana a Matumba analiona phiri la Dedza koyamba, agogo awo akuwalozera ndi ndodo. Chaka chimenecho munda wa Matumba unachepa ndi mizere itatu, ndipo mizereyo sanailimenso mpaka lero.